Mtengo womaliza

Wogulitsa galimoto aliyense ali ndi mitengo itatu: wolembedwa pagalasi, "womaliza", ndi womaliza weniweni umene umatuluka inu mukayamba kulowera kugeti.

Mukangofika, mwasanduka "bwana". Vitz imene yapsa ndi dzuwa miyezi ingapo mwadzidzidzi yapeza wina woifuna, ati akubwera ndi ndalama masana omwe ano. Munthu ameneyu safika ayi. Akuti galimotoyo ndi "yanyuwani", chonsecho inakalambira ku Japan, n'kukwera sitima mpaka ku Dar es Salaam, n'kudzalowera pa Songwe ikudziyendera yokha.

Nthabwala zimatha pepala likafika patebulo. Pakamwa alonjeza matayala atsopano ndi sevisi yaulere, koma m'pangano angolemba kuti mwaigula mmene ilili. Auzeni alembe zonse zimene anena. Akayamba kupapasa cholembera m'matumba onse osachipeza, yankho mwalimva kale.

Musanatulutse ngakhale tambala, onani mapepala a msonkho wa MRA, fananizani nambala ya chasisi ndi ya m'bulubuku, ndipo mubwere ndi makaniko wanu. Wa pamalopo amadya mbale imodzi ndi wogulitsa.