Kalata yochokera ku Joni: amalume akufuna uphungu

Mayfair, Johannesburg
Ogasiti 2025

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino, komanso kuti mwendo uja wasiya kuwavuta mayi. Kuno tilipo, kungoti chisanu cha ku Joni sichimvera chisoni mwana wa kunyanja.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndaumvera mpaka kumapeto. Mwati amalume aima paokha pa chisankho cha pa 16 Seputembala, akufuna akatiyankhulire ku Nyumba ya Malamulo. Mwatinso banja linakhala pansi n'kugwirizana kuti matisheti, mafuta a galimoto ndi zimkuzamawu zikhale pamutu pa "wa ku Joni uja". Achimwene, msonkhano umenewu unachitikira pansi pa mtengo uti? Ine mwandisankha kukhala nduna ya zachuma osandifunsa n'komwe.

Za chisankho chachipulula chija ndinaziona pa Facebook. Anthu anadya mpunga wa amalume, mbuzi ziwiri zinagona, thobwa linatha. Itakwana nthawi yoti aliyense andande kumbuyo kwa munthu wake, amalume pocheuka anapeza inuyo, azakhali ndi mnyamata wogulitsa mandasi, amene anaima pamenepo chifukwa panali mthunzi. Iwo akuti anawabera. Chabwino. Koma K2.5 miliyoni yokapereka ku MEC ija inachokera kuti? Ndafunsa za injini ya boti imene ndinatumiza, aliyense akungondiuza za nyengo. Ndipo mukanandifunsa nzeru ndikanati aime azakhali, chifukwa amayi akulipira theka la ndalamayo, komanso azakhali pa maliro amayankhula zomveka kuposa amuna awo.

Musaganize kuti ndikuwaderera. Kwathuko woima payekha si munthu womuseka. Mu 2014 analowa m'Nyumba ija anthu 52 opanda chipani. Mu 2019 analowa 55 pa mipando 193, kufanana ndendende ndi MCP, pamene UDF inapeza 10 yokha. UDF yomwe ija, achimwene, imene tili ana Mangochi yense ankagona ndi kudzuka atavala chikasu. Ku Mangochi West komweko khoti litathetsa zotsatira za 2019, pa chibwereza cha pa 10 Novembala 2020 anapambana ndi a Reuben Kanyama, oima paokha, zipani zonse zikuonerera. Chaka chino mipando yawonjezekanso kufika 229, ndipo za 50+1 zija n'za pulezidenti yekha. Phungu akangoposa mnzake ndi voti imodzi, basi wadutsa. Akaima anthu asanu ndi atatu n'kugawana mavoti, amalume akhoza kutulukira pakati.

Ndinamufotokozera zimenezi Mzulu wina amene timagwira naye ntchito, anangogwira pakamwa. Kuno oima paokha analoledwa koyamba kupikisana pa mipando ya nyumba ya malamulo pa chisankho cha pa 29 Meyi 2024, khoti lalikulu litagamula mu 2020 kuti kuwaletsa n'kulakwira malamulo. Anaima, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anapeza mpando, ku nyumba ya malamulo ya dziko kapena ya chigawo. Ngakhale a Zackie Achmat a ku Cape Town, amene dziko lonse likuwadziwa kuti anamenyera nkhondo ma ARV, anabwerera chimanjamanja. Kuno munthu amafunika mavoti a chigawo chonse, kwa anthu amene sanamuonepo. Kwathu amakuvotera amene anakuona ukunyamula nawo chitanda, ndipo pa zimenezo amalume sanajombepo kuyambira kwa Chimwala mpaka ku Namwera.

Tsono chimene chikundidetsa nkhawa si kuti agwa. Ndikuopa kuti akhoza kupambana. Walira mvula walira matope. Amalume sakudziwa kuti phungu ndi wa ku Joni wa dera lonse. Ine ndili ndi banja limodzi lokha londiimbira, koma foni yanga imayamba kulira adhana ya m'bandakucha isanamveke. Wina amangofulasha kuti ndimuimbire ndine. Ndikaimba, moni amakhala wautali, amafunsa za chisanu, za bwana wanga, za chimfine chimene ndinadwala chaka chatha, ndiye pamapeto pake mawu amatsika: "Komatu kuno zinthu sizili bwino." Apo ndimadziwa kuti ndikupita ku Mukuru. Fizi, feteleza, ukonde wang'ambika, mbuzi ya chinamwali, foni yagwera m'nyanja. Amalume zimenezi ankazichita bwino kwambiri, moti pa onse ondiimbira iwo ndiwo anali ndi moni wautali kuposa aliyense.

Tsopano aganize midzi yonse ya m'dera ili ndi nambala yawo. Bokosi la maliro ndi iwo. Galimoto yonyamula wodwala usiku kupita ku chipatala cha ku boma ndi yawo. Mjigo ukathyoka, mpira wa anyamata ukaphulika, denga la madrasa likasasuka ndi mwera, onse akuti tiyeni kwa olemekezeka. Palibe amene adzawafunse kuti bilu yakuti munavota bwanji. Pakutha pa chaka adzakhala ataphunzira zimene ife tinaphunzira kale: kukhala ndi manambala awiri, kuyankha kuti "netiweki ikuvuta" uli pansi pa nsanja yeniyeni, ndi kubwera kumudzi usiku galimoto itazimitsa magetsi. Anthu adzati Lilongwe yawameza, monga amanenera za ife kuti tinatchona.

Ndinayesa kuthawira ku malamulo. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa ovota, ndiye ndinasangalala kuti ndapeza pobisala, ndiwauza amalume kuti mphwanu safuna kuti mumangidwe. Mnzanga wina wa kwa Makanjira wandigwetsa ulesi, akuti matisheti, nsalu ndi zipewa za kampeni lamulolo silizitenga ngati zogawagawa. Amene analemba lamulo limeneli analibe m'bale ku Joni.

Pa za malonjezo, chonde muziwagwira malaya akayamba kutentha pa msonkhano. Ndamva kavidiyo kena akunena kuti adzabweza chambo m'nyanja ya Malombe. Achimwene, chambo chinatha ndi makoka athu omwe, a maso ang'onoang'ono aja, ena mpaka masikito a ku chipatala. Chidzabwerera chifukwa amalume avala suti? Msewu wa ku Makanjira ausiye, wamangidwa kale ndi pakamwa chisankho chilichonse kuyambira 1994. Ndalama za chitukuko cha m'dera za CDF zimene akuziwerengera, zija zinafika K200 miliyoni mu 2024, aziyeze ndi mtengo wa simenti wa lero, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aone kuti zikumanga midadada ingati ya sukulu. Koma chimene chandiseketsa kwambiri ndi lonjezo lakuti akalowa, palibenso mnyamata wa ku Mangochi adzapite ku Joni. Mawu abwino. Nanga kampeni ya 2030 adzawalipirira ndani?

Chowawa n'chakuti ine wolipirane sindivota. Malamulo athu salola kuponya voti uli kunja, kalembera anadutsa ndili kuno, ndipo pasipoti yanga inasemphana kalekale ndi masiku 30 amene anandidindira pa Beitbridge. Lachisanu mutabwera ku mzikiti kuno ku Mayfair mungayese muli pa Mpondasi: Chiyao chokhachokha, anyamata a kwa Jalasi, a kwa Katuli, a ku Malindi, ena ambiri ali ku Durban ndi ku Cape Town. Pafupifupi aliyense ali ndi wake amene akumutumizira ya kampeni. Wina amene ndimagona naye chipinda chimodzi akulipirira mpikisano wa mpira wa munthu amene akulimbana ndi amalume. Madzulo timaphika nsima mumphika umodzi, aliyense akutukwana kandideti wake.

Matisheti ndagula, musadandaule. Ndasankha oyera, opanda mtundu wa chipani chilichonse, ndipo ndachita dala. Ine ndi inu tikudziwa zimene zimachitika mavoti akawerengedwa. Sipapita mwezi, woima payekha amaitanitsa atolankhani n'kunena kuti anthu ake amupempha kuti agwire ntchito ndi boma la lero. Gawo 65 lija la malamulo a dziko, loletsa phungu kusintha chipani, limaluma amene analowa pa tikiti ya chipani, amalume silidzawakhudza. Tsono kaya kudzawina kobiriwira, kaya kwa buluu, tisheti yoyera idzalowa paliponse, sitidzagulanso ena.

Katunduyo anyamuka ndi transipota wathu uja Loweruka, adzera ku Mwanza. M'chibelo chomwecho muli bulangete la mayi ndi nsapato za ana, zimenezo si za kampeni, zisakapezeke pa msonkhano. Mafuta a galimoto sinditumiza, akwere kabaza, anthu aone kuti ndi munthu wa anthu. Ndalama ya malata a nyumba yanga ija isakhudzidwe, ndipo munditumizire chithunzi cha nyumbayo inuyo mutaima pakhomo, chifukwa chimene munatumiza ulendo watha chinali ndi mtengo wa mango umene pa puloti yanga palibe.

Chinanso, wodinda matisheti akudikira chithunzi cha amalume. Chimene mwatumizachi n'cha nthawi ya a Bakili Muluzi, ali ndi tsitsi lonse ndi mano onse. Pa pepala lovotera padzakhala nkhope ya lero, ndiye agogo akalowa m'kachipinda kaja adzasakasaka mnyamata wa pa tisheti osamupeza. Ajambulitse china msanga, avale kofia, asaseke kwambiri.

Moni kwa mayi, alamu, azakhali ndi olemekezeka a mawa.

Ndine mng'ono wanu,
wa ku Joni uja