Safunsa Wagula Bandulo

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mwambiwu ukufunika kuupititsa kwa amisiri, chifukwa masiku ano amene akudya phula kwambiri ndi ofunsa.

Mvula itangoyamba, aneba athu anaganiza zoika soketi panja, pakhoma la kuseri, kuti azilumikizapo makina ometera ndi sipika ya Loweruka. Anafunsa ndithu, mpaka bandulo kutha. Koma anafunsa foni, ndipo amene anawayankha pa YouTube ndi bambo wina wandevu wa ku America, yemwe ku Ndirande sanapondeko.

Bamboyo sananame. Kwawoko magetsi a pasoketi ndi mavoti 120, ndipo waya wakuda ndiye wamoto. Kuno ndi 230, pulagi yake ya mano atatu yonga ya ku Britain, ndipo m'nyumba zakale wamoto ndi wofiira, wakuda ndi wobwezera chabe. Pa mawaya atsopano wamoto ndi wabulauni, mnzake wabuluu. Ndiye taganizani munthu amene wamvetsetsa phunziro, akuopa wakuda, n'kugwira wofiira ndi mtima wonse. Phula la makolo linkangomata m'mano, ili limakuponya kumpanda.

Soketi imene aneba anagula ndi yoyera ija ya pabalaza. Mvula nanga? Anati aivundikira ndi jumbo. Ife Amalawi jumbo timaikhulupirira kuposa dokotala. Komatu soketi ya panja ili ndi mtundu wake: ya chivindikiro, ya mphira m'mbali, yolembedwa IP66 kapena zofanana nazo. Nambala yoyamba ikunena za fumbi, yachiwiri za madzi. Waya wodutsa pakhoma amayenda m'paipi, ndipo wokwiriridwa pansi amafunika wachitsulo kunja, poti pabwalo pathu khasu silipuma. Lero mwakwirira waya, mawa wina wafuna kudzala mpiru pomwepo.

Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti breaker ija ya pabolodi imateteza waya kuti asapse, osati munthu. Imadikira maampu 20 kapena kuposa, pamene munthu kachigawo kakang'ono ka ampu imodzi kamukwanira. Woteteza munthu ndi RCD, imene ikaona kuti mamiliampu 30 athawira kwina, imadula magetsi usanaphethire. Apa nthabwala zimandithera. Amene adzagwire soketiyo si aneba ovala nsapato, koma mwana wochokera pampopi, manja onyowa, mapazi pansi ponyowa. N'chifukwa chake ntchitoyi ili ndi eni ake, amisiri a chilolezo cha MERA, ndipo waya wa earth, wobiriwira ndi chikasu uja, sasiyidwa lende poti nyali ikuyaka popanda iye.

Ndikuona ngati kufunsa kumene ankanena makolo kunali kowawa. Umapita kwa munthu, n'kuvomera pamaso pake kuti sudziwa, mwina akuseke kaye. Foni siseka munthu. Siifuna ya thiransipoti, siuza anzake kubawo, ndiponso siikufunsa kuti nyumba yako inamangidwa liti. Imangoyankha funso limene wafunsa, ngakhale likhale lolakwika.

Anawapulumutsa aneba ndi akazi awo, amene anabisa pulayazi n'kuitana wamagetsi. Mnyamatayo anayang'ana mawaya olendewera, anayang'ana jumbo, n'kupukusa mutu.

"Bwana, ntchitoyi anaiyamba ndani?"

Aneba anakhosomola, maso ali ku mtengo wa mango. "Anawatu, achimwene. Ana a masiku ano samva."