Liwiro la mumchenga pa bwalo la ndege la Mfuwe

Mwambi wakuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi unapekedwa ndi anthu oudziwa mchenga. Phazi limatitimira, mphamvu zimathera pa kulizula, ndipo wochedwa kunyamuka samupezanso mnzake. Amene anayendapo pa mchenga wa m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa dzuwa la Okutobala lili paliwombo safuna womumasulira.

Umboni waukulu wa mwambiwu ku Zambia ndi Yotham Muleya, mnyamata amene ankaphunzira zokonza magalimoto ku Lusaka. Mu Disembala 1958 ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, kunali mpikisano wa mamailosi 3. Mlendo wolemekezeka anali Gordon Pirie wa ku Britain, amene mu 1956 anapata mendulo ya siliva pa mamita 5,000 ku Olimpiki ya ku Melbourne. Ena mwa azungu oyendetsa masewerawo anakana kuti munthu wakuda aime nawo pa mzere umodzi. Zikuoneka kuti mwambiwu ankaumvetsa kuposa eni ake, chifukwa anadziwiratu kuti kuyambira limodzi n'koopsa. Anthu atachita nazo phokoso, Muleya analoledwa. Anathamanga wopanda nsapato n'kumusiya Pirie ndi nsapato zake zomwe, mayadi pafupifupi 100 kumbuyo. Chaka chotsatira Muleya anamwalira pa ngozi ya galimoto ku Michigan, ndipo lero ku Lusaka kuli msewu wa dzina lake.

Komabe mwambiwu sunanene kuti wotsogola koyambirira ndiye mwini mphotho. Ku Melbourne komweko Ronnie Delany wa ku Ireland ananyamuka limodzi ndi anzake pa mamita 1,500, koma anabisala m'gulu ngati munthu wongoperekeza. Atafika chigawo chomaliza anatulutsa liwiro lomwe ankasunga, n'kutenga golide pa mphindi 3 ndi masekondi 41.2. Mitunda yapakatiyi, ya mamita 800 ndi 1,500, imafuna miyendo yodziwa kudikira.

Pa bwalo la ndege la Mfuwe, m'boma la Mambwe, mwambiwu umatsatiridwa mopitirira muyezo. Msewu wotera ndege pabwalopo ndi wopitirira pang'ono makilomita 2, moti kuti akwanitse mamailosi 3 aja, Muleya akadaupita n'kubwerera, n'kuwonjezerapo pang'ono. Chololedwa kuthamangapo ndi ndege yokha. Koma akangolengeza kuti ndege ya Proflight yopita ku Lusaka yakonzeka, anthu amene akhala sabata yathunthu kuyang'ana mvuu zikuyasamula amasanduka akatswiri a liwiro. Bambo wa kamera yaitali ngati musi amadzuka koyamba, kamerayo ikumumenya pamimba. Bwana wa ku ofesi ya boma amamutsatira foni ili kukhutu, akuuza wina kuti "ndafika kale", chikhalirecho sanatuluke n'komwe pakhomo. Wotsiriza amakhala agogo a chitenje chatsopano chochokera ku Tribal Textiles, amene amayenda mtima uli m'malo.

Mapeto a mpikisanowu amadziwika usanayambe. Wofika koyamba amakhala m'ndege thukuta lili kamukamu, kudikira agogowo. Chitseko chimatsekedwa kamodzi, onse amanyamuka limodzi, ndipo patapita ola limodzi ndi mphindi zingapo amatera limodzi ku bwalo la Kenneth Kaunda, komwe amakayambanso kupanikizana podikira zikwama.

Pali malo amodzi m'chigwa cha Luangwa pomwe mwambiwu sugwira ntchito. Mu nkhalango ya South Luangwa, komwe Norman Carr anatchukitsa maulendo okaona nyama wapansi, alendo amayenda mondondozana kumbuyo kwa msilikali wa nyama wonyamula mfuti. Asananyamuke amauzidwa kuti akakumana ndi mkango asathamange, kaya payekhapayekha kaya limodzi, pakuti chothawa chilichonse mkango umachiyesa ndiwo. Lamuloli amalisunga ndithu, ngakhale aja amene amadzapikisana pa bwalo la ndege tsiku lobwerera.