Mphuno ya Galimoto Yanga

Pamene mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa petulo nulumpha kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ine ndidangogwedeza mutu ndi ulemu wonse woyenera mphunzitsi wopuma pantchito, pakuti galimoto yanga inkamwa ngati mbalame. Koma pamene mtengowo udakafika pa K3,499 mu October 2025, ulemu udandithera, ndidalira mokweza ngati wofedwa, popeza nthawi imeneyo n'kuti galimotoyo itaduka mphuno, ndipo wolamula kuti iduke sadali wina ayi koma ine ndemwe.

Musadabwe, owerenga anga, kumva kuti galimoto ili ndi mphuno, pakuti inenso, amene ndidaphunzitsa ana a eni ake kwa zaka 32, sindinkadziwa. Galimotoyo ndi Toyota Sienta, imene idawoloka nyanja kuchokera ku Japan, nitsikira ku Dar es Salaam, nilowera pa Songwe, nidzameza penshoni yanga yonse tsiku limodzi, monga chinsomba chidamezera Yona, kusiyana kwake n'kwakuti penshoniyo sidalavulidwe. Ntchito yake ndi kunyamula anthu, mpunga wa m'dambo lathu la Limphasa, usipa ndi ufa wa kondowole, kukwera nazo chitunda cha ku Mzuzu kudzera pa Mpamba, ndipo masiku ena kutsetserekera ku Chintheche.

Tsono dzinja lina, mvula ya kuno kwathu itagwa monga mwa mwambo wake, wosadziwa kuleka, ndidalowa kanjira ka kumunda kukatenga matumba, ndipo mwala umene udabisala m'matope udapatsana moni ndi ekizozi. Mtengo wa ina yofanana nayo nditaumva ku Mzuzu, ndidapempha mpando ndi madzi akumwa. Pamenepo mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene nzeru zake zonse amazitapa m'foni, adati, "Amalume, musavutike, pali payipi yonyezimira yochokera ku Joni, yotsika mtengo, ndipo ikalira anthu a ku Kande adzadziwa kuti mwanyamuka." Ine, pokhala mkamwini pakati pa Atonga, anthu odziwa kutchena, ndidaona kuti nthawi yakuti nanenso ndioneke yakwana, osakumbuka kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Makaniko amene tidamupeza adali mnyamata wa pansi pa mtengo wa mango, amene zida zake zonse zidali nyundo, pulayala ndi chikhulupiriro. Atalowa kunsi kwa galimoto adapeza tizitsulo tiwiri tonga zala, tomangidwa m'payipi yakale, kalikonse ndi waya wake. Ndipo iye, osayamba wamasula waya, adagwira koyamba ndi pulayala nakapotokola, wayayo napotoka ngati chingwe cha mbuzi yomangidwa pachikhomo, mpaka phwa! Kachiwiri adakagonjetsa ndi nyundo. Nditafunsa dzina la tizitsuloto, adayankha akupukuta manja, "Ada, awa ndi masensa, zinthu za azungu, amanunkhiza utsi basi. Kuno mpweya ndi wa kunyanja, palibe chonunkhiza." Payipi yatsopanoyo idalibe ngakhale kabowo kolowetsamo sensa, ndipo ife tonse atatu tidaona ichi ngati umboni wakuti sensayo ndi yosafunikadi.

Sindingaiwale kukoma mtima kwa mnyamatayo, pakuti atatha ntchito adadzipereka kukanditayira payipi yakale, kuti ingandidetsere mipando, ndipo ine ndidamuthokoza ndi manja awiri, n'kumuonjezera ya sopo.

Sabata yoyamba ndidayenda ngati mfumu. Galimoto inkabangula kotero kuti nkhuku zinkathawira m'chinangwa, ndipo onse amene ndili nawo ngongole ankadziwa ola lenileni limene ndafika pakhomo. Koma padashibodi padayaka kanyali kachikasu, kooneka ngati injini, kamene sikankazima usana ndi usiku, ndipo nditabwerera kwa mnyamata uja, iye adang'amba selotepi yakuda, namata pakanyalipo, nati, "Ada, vuto latha." Kunena zoona, mtima wanga udakhaladi pansi, pakuti chimene maso saona sichisowetsa tulo.

Chimene sichidakhale pansi ndi muvi woonetsa mafuta. Galimoto imene inkamwa ngati mbalame idayamba kumwa ngati mkamwini pa ukwati wa eni, kumbuyo ikutulutsa utsi wakuda umene unkasandutsa malaya oyera a apaulendo kukhala a maliro. Ndipo pa masiku aja a mizere ya mafuta, pamene tinkagona pa filing'i siteshoni ngati pa siwa, ine ndinkakhala woyamba kufika ndi woyamba kubwereranso. Mpunga wa chaka chonse, umene tidaupirikitsira mbalame kuyambira m'bandakucha, udatuluka ndi payipi yonyezimira ija thumba ndi thumba.

Mayi a kunyumba, amene mphuno yawo sidadukepo chikwatiranireni, ndiwo adayamba kununkhiza. "Bambo," adatero usiku wina, "galimoto ikununkha petulo, inu mukununkha za ku Chintheche, ndipo m'thumba mwanu simukununkha kanthu, mwa zitatuzi, chimene mungakonze msanga ndi chiti?" Ndidasankha galimoto.

Adandilozera kwa mkulu wina amene adagwira ntchito m'magalaja a ku Johannesburg zaka zambiri, monga achitira amuna ambiri a m'boma lino la Nkhata Bay kuyambira kale. Ndipo mkuluyo, atamatula selotepi ija ndi zala ziwiri ngati akuchotsa nthata pa galu, adandikhazika pa chitsa nandiphunzitsa monga ndinkaphunzitsira ana a Sitandade 3. Adati injini ya petulo imafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, poyeza kulemera kwake, ndipo amene amauza kompyuta ya galimoto ngati muyesowo wakwana ndi kamphuno kaja, pakununkhiza mpweya wotsala mu utsi. Tsono mphuno ikaduka, kompyuta imangothira mafuta mongoganiza, ndipo poopa kulakwa imathira mowolowa manja, ngati mayi wophikira alendo osadziwa chiwerengero chawo. Adatinso kachipangizoka si kachilendo, pakuti a kampani ya Bosch adakapanga kalekale, ndipo kadayamba kuikidwa m'galimoto za Volvo mu 1976, chaka chimene ine ndinkayenda wopanda nsapato.

"Pomasula," adapitiriza mkuluyo, "mumayamba mwachotsa waya pa pulagi yake, injini ili yofunda koma yosaotcha, n'kuthira mafuta ofewetsa dzimbiri, kenaka n'kugwira ndi sipanala ya 22, osati pulayala. Payipi yatsopano ikakhala yopanda bowo, mumaboola n'kuwotcherera nati yake chakumwamba, kuti madzi asamadikhe pa sensa. Pobwezera mumapaka girizi wake pa mazinga pokha, kunsonga ayi, mumayamba kumanga ndi zala, ndipo ya kutsogolo simuisinthanitsa ndi ya kumbuyo." Nditafunsa chifukwa chake mphunozo zili ziwiri, adati yoyamba imayeza muyeso wa mafuta, yachiwiri imaona ngati chosefera utsi chagwira ntchito yake, ndipo apa ndidamvetsa msanga, pakuti kwathu nakonso ndikalowa m'nyumba amayamba kundinunkhiza ndi mayi a kunyumba, pambuyo pake apongozi amadzatsimikiza.

Kenaka adasuzumira kunsi, nakhala chete nthawi yaitali, nafunsa kumene kudapita chosefera utsicho, chimene amachitcha katalitiki. Ndidamufotokozera monyadira za mnyamata waulemu amene adakanditayira. Mkuluyo adavula chipewa monga achitira anthu podutsa pa manda, nandiuza kuti m'kati mwa chimtolo chija muli zisa ngati za njuchi, zopakidwa platinum, palladium ndi rhodium, miyala ya mtengo wapatali imene abale athu amatsikira pansi pa nthaka kukakumba ku South Africa, ndipo alipo anthu amene amayendayenda kugula zimenezi. Ine, mphunzitsi wa masamu, ndidapereka mgodi wanga kwaulere, n'kuonjezerapo ya sopo. Safunsa adadya phula, koma ine ndidadya ndi njuchi zomwe.

Pobwerera kunyumba ndinkadziseka, koma nditafika pa mlatho wa Limphasa kuseka kudasanduka mkwiyo, pakuti ndidazindikira kuti selotepi ija si ya mnyamata yekha uja ayi, ndi chida chimene mtundu wathu umachikonda koposa khasu. Tili nazo mphuno m'dziko muno: owerengera ndalama za boma, atolankhani, alembi achilungamo m'makomiti a sukulu, a mpingo ndi a sikimu, amene ntchito yawo ndi kununkhiza utsi n'kunena kuti mafuta akupita kosayenera, koma wotere akangoyatsa kanyali, timamupotokola ndi pulayala, kapena kumusamutsira kutali, kapena kumumata pakamwa, kenaka n'kumadabwa kuti thanki ya dziko ikuuma bwanji pamene injini ikubangula mokoma chotere pa misonkhano. Munthu wochotsa mphuno sakhala kuti wadana ndi kununkhiza chabe. Kawirikawiri amakhala ataona kale chimtolo chimene akufuna kukatitayira.

Mkulu uja adawotcherera manati awiri, namanga masensa ena amene ndidagula ndi matumba a mpunga amene sindiwatchula, kuopa kuti apongozi amawerenga nyuzipepala ino. Galimoto yabwerera ku kamwedwe kake kaulemu, ndipo utsi wakuda watha. Koma kanyali kaja kakuyakabe, chifukwa mphuno yachiwiri ikanunkhiza imapeza kuti katalitiki palibe, ndipo imakana kunama. Mphwanga wabwera kale kawiri ndi selotepi, ine ndamubweza kawiri konse.

Tsono inu amene mudzakwere Sienta yobangula pakati pa Limphasa ndi Mzuzu, mukadzaona kanyali kachikasu padashibodi musadzachite mantha, ndiponso musadzandilangize zomata. Kadzayaka choncho kufikira nditagula katalitiki ina, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo m'galimoto monsemo ndi kokhako kamene sikadandinamizepo.