Matope a Makina Okulungira Ndodo ya Mbedza

Akuluakulu anati walira mvula walira matope, koma mwambiwu timakonda kuutulutsa mochedwa, munthu atatitimira kale, pofuna kumutseka pakamwa. Ine ndikuti tiziutulutsa ndalama zisanachoke m'thumba, makamaka lero pamene foni iliyonse inasanduka sitolo. Mnyamata wa pa Nkando amene amawedza milamba mu Thuchila atha kukhala pansi pa mtengo akudikira makasitomala a kabaza, n'kumaonera pa YouTube mmisiri wa ku America akukulunga ulusi pa ndodo ya mbedza ndi makina a magetsi. Ndodo ikuzungulira yokha, phazi lili pa chopondera, ulusi wofiira ndi wagolide ukungoyalana bwinobwino osapiringizana. Mtima dyokodyoko! Pofika madzulo mnyamata uja wayamba kale kuwerengera kuti nandolo wa chaka chino angakwanire makina a mtundu wanji.

Tisamuseke msanga, chifukwa makinawo ndi abwino ndithu. Ndodo za kunja sizili ngati zathu za nsungwi zomwe chingwe timangomangirira kunsonga, kachidutswa ka patapata n'kumayandama pamadzi. Zimakhala ndi timphete tondondozana momwe chingwe chimadutsa, ndipo kamphete kalikonse kamamangidwa ndi ulusi wa nayiloni, kenako pamwamba pa ulusiwo amapakapo guluu woonekera mkati wotchedwa epoxy. Makina amagwira tsinde la ndodo n'kumaizunguza, mmisiri ntchito yake n'kuwongolera ulusi basi. Odziwa kusankha amafunsa ngati chogwirira ndodo chimalimba osaikanda, ngati ulusi umakokeka mofanana, ndiponso ngati mota imamvera phazi kapena imangoliyatsa liwiro ngati minibasi ya ku Limbe yothamangitsana ndi inzake pa msewu wa Midima. Mafunso onsewa ndi a mvula. A matope safunsidwa m'vidiyo, ndipo ndi amene ayenera kuyamba.

Makina otchuka ambiri amagulitsidwa ndi makampani a ku America monga Flex Coat ndi Pacific Bay, ndipo kumeneko magetsi a m'nyumba ndi a mphamvu ya 120, pamene athu ndi a 230. Wogula akapanda kufunsa, n'kungosintha pulagi mwaukatswiri wa kwathu, chinthu choyamba chomwe makinawo adzatulutse ndi utsi. Asanafike n'komwe pamenepo pamafunika madola, ndipo tonse tikukumbukira kuti mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti usiku umodzi. Katundu akafika, a MRA nawo amafuna moni wawo. Bokosi likatsegulidwa, mwini wake amazindikira kuti wagula chozunguzira chokha: ndodo yosamanga, timphete, ulusi wake ndi epoxy zonse zimagulidwa padera, ndipo pa msika wa Nkando, pomwe mungapeze kaunjika, chinangwa, matemba ndi mbedza zogulitsa imodziimodzi, mukafunsa epoxy wa ndodo angakulozereni kwa wokonza matayala.

Matope enieni ali pa kuumitsa. Epoxy ukapakidwa umakhala wamadzimadzi, choncho ndodo iyenera kuzungulira pang'onopang'ono kwa maola angapo osaima mpaka ulimbe. Ikangoima, guluu yense amatsikira mbali imodzi n'kuumira komweko, ndipo kamphete kalikonse kamatuluka ndi kamimba kake kolendewera. Tsono ganizirani munthu amene wakulunga ndodo tsiku lonse, wapaka epoxy cha m'ma 6 koloko madzulo, wayatsa mota n'kupita kukadya nsima, kenako mudzi wonse uti zii, ana n'kukuwa kuti azima. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu January 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mmisiri wa m'vidiyo uja sanafunsepo mnansi wake kuti lero ndi tsiku la gulu liti lozimitsiridwa magetsi.

Wina anena kuti maganizo otere ndi odana ndi chitukuko, ndipo kuti tikadamvera anthu onga ine bwenzi tikusinjabe chimanga mumtondo. Chigayo chinapambana mtondo chifukwa mudzi wonse umadya nsima tsiku lililonse. Makina amagula nthawi, ndiye funso n'lakuti nthawi ikusowa kwa yani. Amene amamanga ndodo zambiri pa sabata, makasitomala ali pamzere, agule ndipo asachedwe. Amene amamanga zitatu pa chaka adzapulumutsa maola owerengeka, omwe mosakayika akathera pa bawo. Ndipotu ngakhale amisiri okhala ndi makina, timphete tating'ono ta kunsonga ambiri amatimanga pozunguza ndodo ndi dzanja, mota ili phee. Wina anenanso za sola, ndipo apa ndivomereza: mota youmitsira imadya magetsi ochepa kwambiri, batire labwino lingaikwanitse. Kungoti batire ndi inveta nazonso zili ndi mtengo, ndiye nandolo uja aonjezedwe mizere.

Otsutsa ochenjera amaloza msika. Amati alipo anthu owedza mongosangalala, osaka mcheni ku Chikwawa ndi Nsanje kapena opita kunyanja ku Mangochi, ndipo oterewa angalipire bwino ndodo yolembedwa dzina lawo. Alipodi, koma ndi ochepa, ndipo ambiri amabwera ndi ndodo zawo m'galimoto. Asodzi a ku Chilwa, omwe nsomba zawo zimadzaza malichero m'misika ya kuno, amadalira maukonde, mono ndi zingwe za mbedza zambiri, ndipo nkhawa yawo ndi madzi, poti nyanjayo inaumapo mu 1968 ndi 1995. Mlamba wa mu Thuchila nawo umafufuza nyongolotsi ndi ndevu zake m'madzi a thope. Kukongola kwa ndodo umadzakuona uli kale pamtunda, nthawi yopereka maganizo itatha.

Amene mtima wakana kutsika, asankhe matope omwe angathe kupondamo. Kalipentala aliyense angakhome timatabwa tiwiri tokhala ndi mphanda, n'kuyalamo nsanza yofewa kuti ndodo igonepo. Ulusi umakokeka bwino ukadutsa pakati pa masamba a buku lolemera, ndipo m'nyumba zambiri muli buku lotero lomwe likudikirabe ntchito yake yoyamba. Akafuna liwiro, mota ya makina osokera ndi chopondera chake ndi zomwe amisiri odzipangira okha makinawa amagwiritsa ntchito, ndipo zikavuta telala wa pakhonde la sitolo amadziwa kozikonzetsa. Kuumitsa kumathekanso ndi manja, potembenuza ndodo pang'ono pakapita mphindi zingapo mpaka guluu agwire. Ntchito imeneyi imayenera mwana wa mlongo wanu amene ali pa holide, yemwe sazima pokhapokha anzake akamuitanira mpira. Muvomerezane malipiro asanayambe, chifukwa pakati pa ntchito adzazindikira kuti simungamuchotse, ndipo zitumbuwa nazo zinakwera mtengo.