Ulemu kwa Olemekezeka a Chikatoni

Alamu anga atabwerako ku Joni, wakabaza anawatula pakhomo pathu ku Nkhulambe ndi chinthu chimene ana anachiyesa dzira la ndege: chakuda, chonyezimira, cha miyendo itatu ndi timateyala tiwiri, pamwamba chivindikiro. Akuti mbaula ya azungu yowotchera nyama. Mtundu umenewu unayambira ku America mu 1952, pamene George Stephen wa kukampani ya Weber anadula pakati chitsulo choyandama cholondolera zombo panyanja, n'kuchisandutsa chowotchera. Ndiye kuti nayonso inabadwa ngati mbaula zathu zimene amisiri amasula kuchokera ku zitsulo zotha ntchito. Kungoti iyo inapitako kusukulu.

Sinabwere yokha ayi. Inali ndi akuchikazi ndi akuchimuna omwe: chopanira nyama chachitali ngati mkono, bulashi ya waya, magolovesi, chitini chokolezera makala, kawotchi koyezera kutentha, ndi jekete lakelake loti isanyowe. Mbaula kukhala ndi jekete, mwini mudzi akugona ndi chitenje! Alamu anandinong'oneza kuti abale a mbaulawa anawadyera marandi ochuluka kuposa mbaula imene.

Tsiku loilawula linali la mu Julaye, chiperoni chitaphimba phiri. Mbuzi inafa. Makala anali athu omwewa, a m'thumba limene lagona pa chinyezi. Alamu anavala magolovesi, anadzaza chitini chija, anayatsa machesi mpaka bokosi kutha theka. Utsi wokhawokha. Kawotchi kaja kananena zoona zokhazokha, kuti moto palibe, zimene ngakhale galu wathu anali atadziwa kale.

Apo ndi pamene apongozi anga anatulukira m'khitchini. "Mwanawe, taima uko," anauza mwana wawo. M'manja anali ndi chibenthu cha katoni ya sopo, chakuda m'mbali, chopindika pakati. Anawerama, anakupiza. Phe, phe, phe. Khala limodzi linatsegula diso, lina n'kutsatira, ndipo tisanamalize kuseka moto unali ukulilima.

Choncho ndalemba kuti nditamande inu, Olemekezeka a Chikatoni, amene dzina lanu silinamvekepo pa wailesi. Simugulidwa, mumatoledwa kuseri kwa golosale. Simufuna batire, simudikira ESCOM, mulibe kabuku ka malangizo. Mwana wa zaka zisanu amakudziwani kagwiridwe kake, gogo wopanda mano chimodzimodzi. Mayi wowotcha chimanga pamsika, mnyamata wa kanyenya, wophunzira wowamba matemba a ku Chilwa m'chipinda cha lendi, onsewa ndi anthu anu. Mukamaliza kukoleza moto mumathamangitsa ntchentche pa nyama, kenako mlendo akasowa mpando mumamuyalira nokha pansi. Ndi nduna iti imene inagwirapo maudindo atatu tsiku limodzi osapempha alawansi?

Muli ndi opikisana nawo, sindikana. Kuli mbale yapulasitiki yosweka, kuli chivindikiro cha ndowa, kuli lichero lotha mkombero. Koma mbale imasungunuka ikayandikira khala, ndipo lichero mwini wake amalilondola. Palinso amuna ena amene amadalira mapapo awo, kugwada n'kumauzira. Amenewa mumawazindikira ndi phulusa la m'nsidze.

Ukatswiri wanu waukulu, komabe, ndi wozemba milandu. Mu 2020 lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa, ndipo kuwotcha kapena kugulitsa makala popanda chilolezo ndi mlandu. Alonda a nkhalango amalanda matumba, amalanda njinga, owotcha makala amakaonekera kukhoti. Inu amene mumakolezera makala omwewo m'mawa ndi madzulo, palibe anakufunsanipo ngakhale dzina. Mitengo ya m'mphepete mwa phiri la Mulanje ndi la Michesi yakhala ikudutsa pamphuno panu ili yakuda, inu n'kumaiwombera m'manja. Pano ndiseke pang'ono chabe, chifukwa ife amene tinaona miyala ndi matope zikutsika m'phiri mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, nkhani ya mitengo sitiiseka mokweza. Pofuna kuteteza mitengo, kunabwera Chitetezo Mbaula yadothi, yodya nkhuni zochepa, ena n'kumati ntchito yakutherani. Nkhuni zitanyowa, anakuitananinso.

Nanga abale a mbaula ya alamu aja ali kuti lero? Jekete likufunditsa thumba la chimanga. Chitini chokolezera chinatsekedwa kunsi, tsopano chikuyezera nandolo. Chopanira nyama chimathyola mapeyala a m'munsi, magolovesi anapita kudimba, kawotchi ana akuseweretsa sitolo. Mbaula imene, chivindikiro chili pambali, nkhuku yaikiramo mazira asanu ndi awiri, ndipo alamu alamula kuti aliyense asaisokoneze.

Chikatoni cha tsiku lija chinatumikira mpaka mvula yoyamba. Chitafewa, apongozi anaching'amba tizidutswa, anatilowetsa pansi pa makala, n'kuyatsa. Ndiye anatuma mdzukulu kugolosale kuti akatole china chodzakupizira.