Phokoso Loyenda Nalo: Zoimbira za M'manja ndi Mwambo wa Moni ku Kasungu

Zipangizo zoimbira nyimbo zimene munthu amayenda nazo m'manja kapena m'thumba zimatsata makalendala awiri, ndipo wofuna kumvetsa makhalidwe a m'tauni ya Kasungu ayenera kuwasiyanitsa. Kalendala yoyamba ndi ya makampani a ku America, Japan ndi China, amene amalengeza katundu watsopano pa tsiku limene asankha okha. Yachiwiri ndi ya fodya, imene imayambira pa nazale, n'kudzera m'chigafa, momwe masamba osokedwa amapachikidwa kuti aume, mpaka kukathera ku okushoni ya Chinkhoma, m'mbali mwa msewu wa M1, kumene mabelo amayamba kugulidwa cha mu Epulo. Yamphamvu ndi yachiwiriyi, chifukwa ku Kasungu chipangizo chimakhala chatsopano pa tsiku limene ndalama ya mabelo yalowa ku banki, ngakhale kwawo kumene chinapangidwa chitakhala kuti chinaiwalika kalekale.

Kunja kwa dziko lino, amisiri akhala akulimbana ndi kuchepetsa chiwerengero cha omvera. Kampani ya Sony itatulutsa Walkman mu 1979, kachipangizo ka kaseti kopanda sipika kamene mawu ake ankapita m'makutu mwa mwini wake yekha, mkulu wa kampaniyo, Akio Morita, ankada nkhawa kuti kumvera nyimbo wekha uli pakati pa anthu ndi mwano, choncho Walkman yoyambayo inali ndi mabowo awiri olowetsamo mahedifoni komanso batani lochepetsa nyimbo kuti omvera awiriwo azilankhulana. Nkhawa imeneyi, imene agogo ena alionse a kwa Kaomba akanailandira ndi manja awiri, sinakhalitse, pakuti ogula anaonetsa kuti mnzawoyo sankamufuna, ndipo m'kupita kwa nthawi bowo lachiwirilo ndi batanilo zinachotsedwa. Mu Okutobala 2001 Steve Jobs wa kampani ya Apple anaonetsa iPod, kabokosi koyera kosunga nyimbo 1,000 pa mtengo wa madola 399, koma ku Kasungu nkhaniyo inasowa woimvera, popeza m'miyezi imeneyo boma lonse linali kulowa m'njala ya 2001 ndi 2002, ndipo chimene anthu ankafuna m'thumba chinali madeya. Amene anayankha funso lenileni la derali anali William Kamkwamba wa ku Wimbe, mnyamata amene anasiya sukulu m'njala yomweyo ndipo anaphunzira za magetsi pomasula ndi kukonza mawailesi a m'mudzi. Funsolo silinali la kuchuluka kwa nyimbo, linali la komwe kuchokere moto woziimbira.

Mwambo wa kumvera wa ku Kasungu unakula mosemphana ndi wa ku Tokyo. Wailesi ya Nzeru, yopangidwa ku Blantyre, inkasokeredwa nsalu yakeyake, inkakwezedwa pa kaliyala ya njinga, ndipo mabatire ake akafooka ankayanikidwa padzuwa ndi chikhulupiriro choti abwerera mwakale. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale kuyambira mu 1990, ntchito imene kale inali ya maesiteti okha, wailesi ya makaseti awiri inakhala mboni yoyamba ya nyengo yabwino, ndipo nyimbo za Alleluya Band ndi za Lucius Banda zinkamveka kutsidya la dambo tsiku limene mwini wake wabwera kuchokera ku okushoni. Pambuyo pake kunabwera timafoni totchipa timene anthu anatitcha Mose wa Lero m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, kenako mafoni a itel ndi Tecno a kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, okhala ndi tochi, wailesi ndi malo oikamo memory card, kakhadi kosakula kuposa chikhadabo kamene kamasunga nyimbo. M'zaka zonsezi mfundo yakhala imodzi, ngakhale kuti palibe anailemba: choimbira chimene mnansi sakuchimva ndi ndalama yotayika.

Wolowa ufumu wa wailesi ya makaseti masiku ano ndi sipika ya Bluetooth, ndiko kuti sipika yokhala ndi batire m'kati imene imalandira nyimbo kuchokera ku foni popanda waya. Zambiri zimalowa m'dziko kudzera pa chipata cha Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, ndipo zina zimakhala ndi maina ofanana ndi a makampani otchuka kungoti chilembo chimodzi chinatsalira panjira. Kagulidwe kake m'mashopu a pa boma m'miyezi ya Meyi ndi Juni kali ndi ndondomeko yosaphonyeka. Wogula amayamba ndi kuinyamula m'manja n'kuitsitsa ndi kuikweza ngati akuyesa nkhuku pa msika, chifukwa anthu amakhulupirira kuti mawu abwino amalemera, mfundo imene opanga ena anaizindikira ndipo akuti amaikamo zolemetsa zopanda ntchito. Kenako amawerenga timagetsi tophethira, amafunsa ngati ili ndi sola pamsana, ndipo pomaliza amatembenuza chokwezera mawu mpaka chitakana kupitirira.

“Achimwene, apa ndiye pomaliza?”

“Ayi bwana, ikadali nayo mphamvu, kungoti tikakweza kuposa apa a shopu inayo akatisumira kwa kansela.”

Yankho limeneli lagulitsa masipika ambiri kuposa chikalata chilichonse cha malonda. Zoti mawu akumveka bwino kapena akuphwerekera safunsa, ndipo wogulitsa wanzeru sayambitsa nkhaniyo.

Nyimbo zenizenizo sizisankhidwa ndi mwini sipika. Ntchito imeneyi ili m'manja mwa mnyamata wa pamalo otchajira mafoni, amene kawirikawiri amametanso tsitsi, ndipo ali ndi kompyuta yakale yodzaza ndi nyimbo zokopera kwa anzake. Wobwera ndi memory card amangonena kuti amuikire za Mulungu ndi zina zoti zizimuchotsa tulo, ndipo mnyamatayo, amene amalipidwa podzaza khadi osati posanja, amathiramo makwaya, Black Missionaries, amapiano a ku South Africa, nyimbo za ku Zambia ndi maulaliki angapo, zonse mumphika umodzi. Oimba eni ake sapatsidwa kanthu mwachindunji pa malondawa, ngakhale kuti bungwe la COSOMA loteteza ntchito zawo lakhalapo kuyambira mu 1992, koma amene amalipira mtengo woonekera ndi mkulu wa mpingo. Iye amanyamuka kunyumba kwaya ikuimba m'thumba la jekete, nkhope ili yoyenera udindo wake, ndipo akangofika pamene amayi a Chigwirizano akhala pamthunzi, kwaya ija imatha n'kulowa nyimbo ya m'bala imene mawu ake sangabwerezedwe m'buku lolemekezeka. Kufotokoza kwake, koti ndi ana amene anaseweretsa foni, kumalandiridwa mwaulemu ndi aliyense ndipo sikukhulupiriridwa ndi wina aliyense.

Pamsewu mfumu ya phokoso ndi wakabaza wa njinga yamoto, amene amamangirira sipika pansi pa chiwongolero n'kumagawa nyimbo kwaulere kuyambira pa depoti mpaka ku Mtunthama, wokwera asanafunsidwe maganizo. Malire ake ndi masamba. Pakagwa maliro, anthu amayala nthambi zamasamba modutsa msewu mbali zonse ziwiri za mudzi, ndipo wodutsa aliyense amadziwa chochita: wapanjinga yakapalasa amatsika n'kuikankha, wovala chipewa amavula, wagalimoto amachepetsa liwiro, ndipo choimbira chilichonse chimazimitsidwa. Lamuloli linkayenda bwino m'nthawi ya wailesi, imene ikazimitsidwa inkangokhala chete. Masipika ambiri atsopanowa ali ndi mawu a mayi wina wolankhula Chingerezi chokhotakhota, amene amalengeza chilichonse chimene chachitika m'kati mwa chipangizocho, ndipo salabadira kuti chokwezera mawu chili pati. Motero wakabaza wofuna kupereka ulemu amadina batani mothamanga, n'kuphonya, ndipo m'malo mwa bata, olira a pa siwa amamva mayi uja akuwadziwitsa mokweza kuti chipangizo chakonzeka kulumikizidwa. Adzukulu, omwe ndi okumba manda komanso osunga mwambo pa maliro, sazenga mlandu wa mayi wosaoneka. Amagwira njinga, ndipo nkhaniyo imakathera pa nkhuku.

Nyengo ya phokoso imafota pang'onopang'ono. Pofika mu Januwale, fodya watsopano akufuna feteleza ndipo ufa watha m'nyumba, sipika imapita ku pinyolo, ndiko kuti imasiyidwa ngati chikole kwa wobwereketsa ndalama, ndipo mwini golosale amene anakhala chete nyengo yonse ya malonda amapezeka ndi shelefu ya masipika abwino kuposa a m'shopu ya pa boma. Ogwira ntchito m'maesiteti, amene ambiri akuwatchulabe matenanti ngakhale kuti lamulo la 2021 linathetsa utenanti, ndiwo amagula mochedwa n'kupinyolitsa moyambirira.

Chimene chasokoneza kwambiri mwambo wa m'tauni si sipika, imene ngakhale ili yaphokoso imagawana ndi anthu zimene ili nazo, koma mahedifoni, makamaka aja opanda waya amene anafala dziko lonse kampani ya Apple italengeza AirPods mu 2016 ndipo makampani ena atatulutsa awo otsika mtengo. Moni wa Achewa si mawu oponya munthu akudutsa. Uli ndi funso ndi yankho, kubwezera funso, kufunsa za kunyumba, za odwala ndi za mvula, ndipo wamng'ono amayembekezeka kuima, kuwerama pang'ono kapena kuomba m'manja. Zonsezi zimafuna makutu otseguka. M'nthawi ya mawaya, wamkulu ankaona chingwe chikulendewera pachifuwa cha mnyamata n'kudziwiratu kuti moni wake ugwera pansi, choncho ankausunga. Masiku ano kachipangizo kabisala m'khutu, ndipo mkulu amapereka moni wathunthu kwa munthu amene akungogwedeza mutu motsatira ng'oma, n'kuganiza kuti akuvomera. Palinso vuto la anthu olankhula okha mumsewu, akuseka ndi kutambasula manja, khalidwe limene kale linkachititsa abale kukhala pansi n'kukambirana za kupita naye ku chipatala cha odwala misala ku Zomba.

Tauni, posafuna kuti mwambo ufe, yakonza malamulo ake atsopano, ndipo woyang'anitsitsa pa khonde la banki kapena pa msika angathe kuwawerenga. Kwa mnzake wa msinkhu umodzi mnyamata sachotsa kanthu, amangokweza nsidze. Kwa mphunzitsi wake wakale amachotsa khutu limodzi n'kuligwirizira m'mwamba pafupi ndi tsaya, kusonyeza kuti nthawi ya moni yayezedwa ndipo isapitirire. Kwa atsibweni, amene pa Chichewa ali ndi mawu pa ukwati ndi pa munda, amachotsa onse awiri n'kuwabisa m'chikhatho. Kwa amene ali naye ngongole amakankhira onse awiri m'kati n'kuyang'ana kutali ku phiri la Kasungu. Mkamwini yekha, mwamuna wokhala kwawo kwa mkazi wake, ndiye wapindula mosakayikitsa, pakuti mwambo wakale unkamulamula kupatuka panjira akaona apongozi ake aakazi kuti asakumane maso ndi maso, ntchito yofuna kulowa m'tchire ndi kudzaza chisoso m'thalauza, pomwe lero amatha kuwapewa ali chiimire pabwalo. Akuluakulu sanagwirizanebe ngati kumeneku n'kusunga mwambo kapena kuunyoza, ndipo apongozi ambiri amati ndi zonse ziwiri.

Pali gulu lina limene limafunika kulifotokoza mosamala, la ovala mahedifoni osaimba. Timabatire ta m'zipangizozi n'tating'ono, magetsi amathimathima, ndipo kutchajitsa kumafuna ndalama, motero ambiri mwa amene amaoneka atatseka makutu m'tauni sakumvera kanthu. Ena khutu limodzi linawatayika m'minibasi ndipo lotsalalo linafa kalekale, koma amalivalabe chifukwa ntchito yake yaikulu ndi kuonedwa. Munthu wotereyu amalipira ulemerero wake m'njira imene opanga sanaiganizire. Anthu okhala naye pampando umodzi m'minibasi ya ku Nkhamenya, poganiza kuti sakumva, amamasuka kukambirana za iye: kuti fodya wa bambo ake anabwezedwa ku okushoni chifukwa cha zinyalala za pulasitiki m'belo, kuti jekete wavalayo ndi ya mlamu wake, kuti mtsikana amene akumufunsira anaonedwa Loweruka atakwera njinga yamoto ya wina. Iye amamva liwu lililonse bwinobwino, koma kuyankha kungaulule kuti chipangizo chilibe moto, chinthu chimene kwa iye n'chochititsa manyazi kuposa zonse zanenedwazo, choncho amapitiriza kugwedeza mutu motsatira nyimbo imene kulibe, kudutsa pa Chatoloma mpaka kukatsika, ndipo potsika kondakitala amachita kumukodola ndi dzanja kuti alandire chenji chake.